Anavelo a pa Namitambo

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimandinyansa mwa anthu a pa Namitambo. Munthu alowa m'sitolo mwanga, agula sopo wake kapena mayunitsi a foni, ndamupatsa, koma m'malo motuluka amatsamira pa kauntala n'kuyamba kuusa moyo maso ali kukhoma la kumanzere. "Apa ndiye panali pa Anavelo eti? Masitolo anali kale ndithu." Amanena zimenezi ataima m'sitolo mwanga, pamaso panga, ngati kuti ine ndimagulitsa mphepo.

Masitolo analipodi, sindikana. Mzere wathuwu usanasanduke wa shuga ndi ndowa za pulasitiki kuyambira uko mpaka uko, khomo lililonse linali ndi ntchito yakeyake. Kumapeto kunali a Vitalis okonza mawotchi, amene ankakhala ndi kagalasi padiso ngakhale pomwa tiyi. Kenako a Alufeyo okhoma zidebe ndi mbaula, phokoso lawo linkafika mpaka kuchipatala. Panalinso situdiyo ya zithunzi, momwe munali chinsalu chojambulidwa ndege ndi telefoni yosalumikizidwa kulikonse, ndipo anthu ankayenda wapansi kuchokera kumidzi kudzagwira telefoniyo n'kumwetulira. Loweruka mabanja ankabwera kudzangoyendayenda mumzerewu, ana ali pamapewa, osagula kanthu, ngati abwera kuchionetsero. Ine Esnat ndinkagulitsa ulusi, singano, mabatani ndi mikanda basi. Kuseri kwa khoma langa kunali a Magdalena Kalinde, obwereketsa madiresi a ukwati ndi velo, amene dera lonse linkawatchula kuti Anavelo.

A Magdalena anabadwira ku Mauwa, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale. Kusoka anaphunzirira kumishoni ali mtsikana. Anakwatiwa ndi a Benedicto, koma bamboyo anapita ku Joni n'kukhala mtchona, osasiya mwana ngakhale mmodzi. Mayiyo atatopa kudikira anagulitsa mbuzi zawo, nagula nsalu yoyera ku Limbe, nasoka madiresi atatu. Anali munthu wowonda, wosalankhulalankhula, ndipo nkhope yawo sinali yoti mwamuna n'kucheukira. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti chimene ndinkawachitira nsanje sichinali maonekedwe.

Madiresi awo analibe zipi, analibenso mabatani. M'mbali ndi kumsana kunali kotsekula. Mmawa wa tsiku la ukwati a Magdalena ankafika okha kwa mkwatibwi, sutikesi ili pamutu, n'kutulutsa aliyense m'chipinda: mayi wa mwana, alangizi, operekeza, onse kunja. Akatseka chitseko ankamuveka mtsikanayo n'kumusokera diresilo ali chiimire, ndi singano ya pamanja, mpaka ligwire thupi lake ngati analisokera iye yekha. Dzuwa likapendeka, phwando litatha, ankadzitsekeranso naye n'kumasula ulusi wonse ndi lezala. Palibe wina ankaloledwa kukhudza msoko umenewo. Choncho ukwati uliwonse wa m'dera lino a Magdalena ankakhalapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, atakhala kutsogolo pafupi ndi ankhoswe, ntchafu ya nkhuku ili m'mbale.

Ulusi umene ankasokerawo unali wanga. Sabata ndi sabata ulusi wanga unkalowa m'tchalitchi, kwaya ikuimba, mwini wakene ndili pa kauntala kuingitsa ntchentche. Mabatani ndinali nawo okongola ngati ngale, koma mayiyo sanagulepo ngakhale limodzi.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Achemwali, bwanji osangoika zipi, mtsikana azivala yekha, inu muzipumako Loweruka?"

"Atsikana sanalengedwe ofanana, amake Mtisunge," anandiyankha osadzutsa mutu pa velo imene ankasita. "Zipi simvera munthu."

Ine ndinangoti mumtima, nzeru zodyera nyama za eni izi. Koma chinkandiwawa kwambiri chinali china. Akazi amene anawasokera aja, ngakhale patapita zaka, ana atatu kumbuyo, akakumana nawo pamsika ankagwada mpaka pansi powapatsa moni. Ankawabweretsera nthochi, nandolo wamuwisi, nthawi zina nkhuku yamoyo. Ankadutsa nazo pakhomo panga, ine n'kungolandira moni wa pakamwa.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene sindinapirire ndi nkhani ya Mtisunge, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo pakati pa anyamata. Mwanayu atangoyamba kukwawa, ulendo wake woyamba unali wa kwa Anavelo. Ndikatembenuka kupatsa kasitomala singano, ndinkamupeza kulibe, ali kuseri kwa khoma atadzifunditsa kansalu ka velo, a Magdalena akumuombera m'manja. Ndikamukwapula ankathawira komweko. Tsiku limene anamva kuti wasankhidwa kupita ku sekondale anabwera akuthamanga, fumbi kobo, n'kudutsa khomo langa lotsekula kukayamba kuuza mayi uja. Ine ndinamvera pakhoma kuti mwana wanga wakhoza. Ndinamubereka ndine, ndinkamulipirira sukulu ndine, koma nkhani zake zinkagona kaye kwa munthu amene sanamvepo kuwawa kwa kubereka.

Kenako kunabwera matipate mu 1994, ndipo msika unatsekukira aliyense. Mabelo a kaunjika anayamba kutsika pa malole ngati mvula. Mawotchi anatchipa moti ikafa umangoitaya n'kugula ina, a Vitalis anachotsa kagalasi kawo padiso n'kubwerera kumudzi. Ndowa za pulasitiki zinatseketsa a Alufeyo. Wa situdiyo anayesako kuyenda ndi kamera pa njinga m'midzi, kenako tinangomva kuti ali ku Lilongwe. Nawo madiresi a ukwati anayamba kupezeka m'mabelo, a azungu, a michira yaitali, zipi yake yoyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Atsikana anayamba kunena kuti madiresi a Anavelo achita chikasu, ndipo ndani angafune kukwatiwa atavala diresi limene anavala mayi ake?

Ine ndinaona kumene mphepo ikulowera. Ndinakankhira mabatani pakona n'kuika shuga, sopo, parafini, machesi. Ndinawalangizanso anzangawo kuti achite chimodzimodzi.

"Shuga akugulitsa aliyense," anatero. "Ine ndikudziwa ntchito imodzi."

Ntchito imodziyo inawasunga mpaka 1999. Miyezi ina inkadutsa popanda wobwera kudzafunsa velo, iwo atangokhala pakhonde kuyang'ana anyamata a kaunjika akukuwa. Potsiriza anapinda madiresi awo, natseka sutikesi, nabwerera ku Mauwa kukalima chimanga ndi nandolo pamunda wa malemu mayi awo. Ndinasangalala, ndipo sindibisa. Ndinatenga chipinda chawo, ndinagumula khoma, sitolo yanga inakula. Ndinkaganiza kuti munthu akachoka dzina lake limachokanso. Koma ayi, m'pamene anthu anayamba kuwatamanda kwambiri, ngakhale amene anathamangira madiresi a m'belo aja.

Mu 2006 Mtisunge, amene tsopano ankaphunzitsa pa pulayimale ku Mbulumbuzi, anabwera ndi mnyamata wake Geoffrey, wa zaumoyo woyenda m'midzi pa njinga. Chinkhoswe chinachitika bwinobwino. Ine ndinalumbira kuti ukwati umenewu anthu adzausimba. Kumpingo kwathu lamulo ndi lodziwika: mtsikana akabwera ali ndi pakati, velo palibe, kwaya palibe, amangowadalitsa mu ofesi mkati mwa sabata, mayi wake n'kumayenda chozolika. Ine pakamwa panga sipabisa, ndipo atsikana otere ndinkawanena poyera, mayi awo ndinkawanenanso. Wanga anali mphunzitsi, wodzisunga, ndiye ndinkafuna dera lonse limuone atavala zoyera.

Tinakwera minibasi awiri kupita ku Limbe. Diresi limene tinasankha linali la mikanda pachifuwa, ndipo atamuyesa zipi inakwera yokha ngati yapakidwa mafuta. Tikubwerera ndinamuuza maganizo anga.

"Tsikulo ndidzakuveka ndine. Alangizi adzanene zawo dzulo lake, koma mmawawo m'chipinda tidzakhala awiri, ine ndi iwe."

"Chabwino amayi," anatero akuyang'ana pawindo.

Ola limenelo ndinkalifuna kuposa phwando lonse. Ndinali nditakonza mawu oti ndidzamuuze, ndinkawabwereza ndikamasesa m'sitolo. Kamodzi kokha m'moyo, nkhani ya mwana wanga iyambire kwa ine.

Ukwati unayenera kuchitika titangokolola, koma amalume ake a Geoffrey, amenenso anali ankhoswe, anamwalira, ndipo tinausuntha kufikira nyengo yotentha. Diresi linakhala m'sutikesi pansi pa bedi langa nthawi yonseyo, ndi timibulu tothamangitsa njenjete.

Mmawa wa tsikulo amayi ophika anali atadzaza kale pabwalo. Ndinalowa m'chipinda, ndinatsekula sutikesi, ndinatambasula diresi pabedi. Kumsana kwake kunali yasa. Zipi kunalibe. Sinathyoke, sinang'ambike, wina anachita kuimasula bwinobwino ndi lezala, msoko ndi msoko. Ndinayamba kukuwa kuti m'nyumba mwanga mwalowa mfiti, kuti adani anga afika mpaka pansi pa bedi. Mtisunge anali atakhala pampando, manja ali pamiyendo.

"Musakuwe amayi. Ndachotsa ndine."

"Wachotsa ndiwe? Wapenga kodi?"

"Ndikufuna andisokere Anavelo. Njinga ndatumiza kale ku Mauwa, ali m'njira."

Ndinamuyang'ana mwana ameneyu, mawu anga onse ndinakonza aja nditawaiwala. Ndinamufunsa kuti ndinamulakwira chiyani, ndinamukumbutsa za minibasi ya ku Limbe ndi lonjezo lake. Iye anangoweramitsa mutu. Ndikanatha kusoka ndekha, singano ndimaidziwa, koma nditatenga diresilo analigwira mbali ina, ndipo ndinaona kuti tikalimbirana ling'ambika.

Malovu asanaume m'kamwa mwanga, ndinamva nthungululu panja. Amayi ophika anasiya miphika n'kuthamangira kumsewu. A Magdalena anatsika pa keliyala ya njinga pang'onopang'ono, atakalamba, magalasi awo omangidwa ndi kachingwe, kamtolo kakang'ono kali m'khwapa. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, anafunsa za abambo ndi anyamata, kenako analowa m'chipinda changa n'kuima pakhomo.

"Amake Mtisunge, tatipatsaniko mpata."

M'nyumba yanga, yomanga ndi shuga ndi parafini wanga. Ndinatuluka, chifukwa amayi onse anali kundiyang'ana, ndipo chitseko chinatsekedwa kumaso kwanga. Sindinapite kutali. Ndinaima pomwepo ngati mlonda, khutu lili pa thabwa. Poyamba ndinamva mwana wanga akulira, kulira kwenikweni kosisima, kumene sanalirepo pamaso panga chikulireni. Kenako kunali manong'onong'o osamveka. Patapita nthawi ndinamva akuseka. Kusekako kunandibaya kuposa kulira kuja.

Mtisunge atatuluka, bwalo lonse linaimba nthungululu. Diresi lija linali litasintha. Linagwira pachifuwa, n'kutsika momasuka ngati madzi, mchira uli pambuyo. Mwana wanga anakongola kuposa mmene anaonekera ku Limbe, ndipo zinandiwawa kuti zinali zoona.

Ukwati unayenda bwino, kwaya inaimba, abusa anadalitsa. Ku phwando, nthawi ya perekaniperekani itafika, woyendetsa mwambo anaona a Magdalena atakhala kutsogolo, pampando umene ine ndinaikira achemwali anga a ku Zomba. Anatenga chimkuzamawu n'kunena kuti amayi onse amene anasokeredwa ndi Anavelo aimirire adzavine. Ndinkaganiza kuti aimirira asanu kapena asanu ndi mmodzi. Mabenchi anatsala opanda anthu. Amayi a mpingo, aphunzitsi, ogulitsa tomato, mpaka akazi a mkulu wa mpingo, onse anazungulira mayi wowonda uja akuvina, ena misozi ili m'maso. Ine mayi wa mkwatibwi anandiitana pambuyo pake, anthu atatopa.

Dzuwa litapendeka a Magdalena anadzitsekeranso m'chipinda ndi mkwatibwi kukamasula. Mtisunge anatuluka atavala chitenje ndi bulauzi, a kuchimuna anamutenga, ndipo a Magdalena anatsanzika n'kuyamba ulendo wapansi, akuti njinga yawapweteka msana. Ndinalowa m'chipinda kuti ndisunge diresi. Anali atalipinda bwino pabedi. Nditalitambasula ndinaona chimene maso a anthu sanaone. M'mbali zonse ziwiri, kuyambira m'khwapa kutsika m'chiuno, msoko wa ku fakitale unali utamasulidwa, ndipo munalowetsedwa nsalu ina, mulifupi mwake ngati chikhatho. Nsaluyo inali yoyera mochita chikasu pang'ono. Ndinaizindikira, inali ya limodzi la madiresi atatu aja.

Ndagulitsa ulusi theka la moyo wanga. Ndimadziwa chifukwa chimene diresi limene linamukwana mtsikana nthawi yokolola lingafunire chikhatho uku ndi uku nyengo yotentha. Ndinakhala pabedi. Kenako ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndinatsata njira ya ku Mauwa. Ndinawapeza asanafike patali, akupuma pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi munda wa nandolo wouma.

"Miyezi ingati?" ndinafunsa ndisanakhale n'komwe.

"Mukamufunse mwini wake."

"Ndikufunsa inu. Mwaona ndinu, mwagwira ndinu."

"Ine sindinena za mwana wa munthu, amake Mtisunge. Zaka zonse tinakhala khoma limodzi zija, munandimvapo?"

Sindinawamvepo. Ndinaganiza za mabenchi opanda anthu aja, za akazi a mkulu wa mpingo akuvina misozi ili m'maso, za nkhuku zimene zinkadutsa pakhomo panga.

"Onse anaimirira aja?"

"Iyayi," anatero akupukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje. "Ena ankangofuna diresi basi."

Ndinafuna kuwakalipira kuti ananamiza mpingo zaka zonsezo, koma mawu amene anatuluka anali ena. Ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana wanga, wobereka ine, anatumiza njinga mtunda wonsewo pamene mayi wake anali chipinda chotsatira.

"Anayesa. Akuti tsiku lina anachoka ku Mbulumbuzi kudzakuuzani kusitolo. Anakupezani mukusimbira makasitomala za mwana wa a Felista, uja anamudalitsira mu ofesi, anthu akufa nazo kuseka. Anagula sopo n'kubwerera."

Ndinalikumbuka tsikulo. Ndinadabwa kuti mwanayu wayenda ulendo wonsewo chifukwa cha sopo, ndipo ndinamuwonjezera wina waulere. A Magdalena anadzuka, anatola kamtolo kawo, anati diresilo ndilichape ndi madzi ozizira, n'kupitiriza ulendo wawo.

Nkhaniyi sindinamufunse Mtisunge, ndipo iye sanandiuze. Mimba itaonekera anthu anawerenga miyezi pa zala monga amachitira, koma ukwati unali utadalitsidwa kale, zithunzi za velo zili pakhoma, ndiye anangong'ung'udza n'kusiya. Ine ndinasiya kunena za ana a eni pa kauntala, ena mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Mwana anabadwa mvula ili mkati, wamkazi, pachipatala cha pa Namitambo pompa. Amene anadikirira kuchipatala ndine. Amene anachapa matewera, kuphika phala, kuwotha madzi osamba masiku onse a chikuta ndine. A Magdalena sanaponde n'komwe, anali kalikiliki kubandira kumunda kwawo. Ndinati mumtima, apa pokha mayi uja sangandilande. Mdzukulu woyamba wamkazi, wobadwira m'manja mwanga, dzina lake ndinkalidziwa kale, langa lomweli, ndipo ndinayeserera mmene ndidzakanire pang'ono mwaulemu asanandikakamize kulilandira.

Tsiku lotulutsa mwana tinakhala pakhonde, a kuchimuna ali pamkeka, abambo ake Mtisunge ali pampando. Geoffrey anati iye ndi mkazi wake agwirizana kale, ndipo akupempha akuluakulu awalole. Mtisunge anadzuka ndi mwana, anabwera pamene ndinakhala, anagwada n'kumuika m'manja mwanga.

"Agogo, landirani Magdalena wanu."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinayang'ana kankhope kaja, mphuno yake yanga yeniyeni, ndinayang'ananso mayi wake amene anali chigwadire kudikira kuti ndinene kanthu. Ndinamulandira, nanga ndikanatani? Miyezi yoyamba ndinayesa kumangomutchula kuti mwana, kapena iwe, kapena nkhanda iwe, ndinayesanso kumupatsa langa la kumbali, koma silinagwire. Pano akuyenda, amakhala ndi ine mkati mwa sabata mayi wake akapita kukaphunzitsa, ndipo sakhazikika malo amodzi. Dzinalo limandiwawabe likamatuluka pakamwa panga, koma ndimalikuwa kuyambira mmawa mpaka madzulo, chifukwa mwanayo sayankha lina.